Mbiri ya Kusefa Mawu Patsinde pa Phiri la Mulanje

Pa maluso onse amene makolo athu anatisiyira, lilipo limodzi limene silitchulidwa kawirikawiri pabwalo, chinkana aliyense amene anamvapo ng'oma ya tchopa ikugunda usiku kutsidya kwa Likhubula, kaya wailesi ikuyankhula pakhonde la sitolo pa Chitakale, anadyako zipatso zake. Ndilo luso la kusefa mawu, kutola liwu limodzi pakati pa mawu ambiri obwera pamodzi, kulikweza, ndi kugonetsa ena onse. Amisiri a zamagetsi ali ndi kachipangizo kochita ntchito imeneyi, kamene m'mabuku awo amati bandpass filter, ndipo anyamata ambiri amayesa kuti nzeruyi inayamba tsiku limene waya woyamba anafika m'dziko muno. Ine ndikana. Khutu ndilo linatsogola, waya anadza pambuyo, ndipo amene afuna kudziwa bwino za wayayo ayenera kuyamba wamva za khutulo.

Akuluakulu amasimba kuti oyamba kukhala m'phirimu anali Abathwa, anthu aafupi msinkhu aja amene ena amati Amwandionerapati. Pambuyo pawo anadza Amang'anja, nalima m'zigwa za Ruo ndi Thuchila. Ndipo cha pakati pa zaka za m'ma 1800 kunafika Ayao a Matipwiri, Mkanda ndi Chikumbu. Mtundu uliwonse unadza ndi zoimbira zake, koma onsewo anadziwa chinthu chimodzi, chakuti chilichonse cholira chimanjenjemera, ndipo kuti chingwe kapena thabwa likagundidwa silitulutsa liwu limodzi lokha ayi. Pansi pamakhala liwu lalikulu, ndipo pamwamba pake pamakwera mawu ang'onoang'ono, pa chingwe lina lonjenjemera kawiri kuposa lapansilo, lina katatu, lina kanayi, mpaka kumene khutu silifikako. Mawu ang'onoang'onowa ndiwo amasiyanitsa kaligo ndi chitoliro ngakhale zonse ziimbe liwu lofanana, ndiwonso amachititsa mwana kuzindikira amake mumdima asanawaone. Wodziwa kusankha pakati pa mawu amenewa ndiye mwini nyimbo.

Taonani nkangala, uta uja wa bango umene Angoni anabwera nawo kuchokera kumwera atawoloka Zambezi mu 1835, umene pambuyo pake unafala pakati pa amayi ndi atsikana a m'chigawo chino. Uta umenewu uli ndi chingwe chimodzi chokha, ndipo woimba ali ndi mawu awiri kapena atatu amene angapeze pogwira chingwecho ndi chala; komatu amene wakhala pafupi ndi mayi wodziwa nkangala amamva nyimbo yathunthu, yokwera ndi kutsika, yonga mluzu wochokera kutali. Chinsinsi chake chili m'kamwa. Mayiyo amatsamiritsa nsonga ya bango pamilomo, ndipo pokuza kapena kuchepetsa mphako ya m'kamwa mwake ndi lilime, amasankha limodzi mwa mawu ang'onoang'ono aja, nalikweza, ena onse nakhala pansi. Sanawerenge buku, sanaone nambala, koma ntchito imene akuchitayo ndi yomweyo imene akatswiri a ku Ulaya anadzaivutikira zaka zambiri ndi mkuwa ndi magetsi. Ndipo ine ndimamva chisoni poona kuti lero amayi odziwa uta umenewu atsala owerengeka, pamene zidzukulu zawo zikufunafuna kulira komweko pa kompyuta.

Amisiri a valimba a ku Chigwa cha Shire, Amang'anja ndi Asena, anafika patali koposa. Pansi pa thabwa lililonse amapachika chikho chake, chachikulu pansi pa thabwa lolira pansi, chaching'ono pansi pa lolira pamwamba. Ndipo chikhocho sachipachika chisanayesedwe, pakuti mpweya wa m'chikho uli ndi liwu limodzi limene umavomera, ena onse umangowanyalanyaza. Chotero mmisiri amacheka kukamwa kwa chikho pang'onopang'ono, nachigogoda, nachiyandikiza kuthabwa, namvetsera, nachekanso; pakuti kukamwa kukakula liwu limakwera, ndipo akacheka mopitirira, chikhocho chapita, sichibwereranso. Apa ndi pamene mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha umapherezera. Atatha izi amaboola kabowo pambali, namatapo kachikopa kopyapyala ka chisa cha kangaude, kuti liwu losefedwalo lituluke ndi kanthetemya komveka kutali. Oimba ng'oma nawonso, pomata phula pakati pa chikopa ndi kuchiwamba pamoto, amachita za mtundu womwewo.

M'zaka zomwezo zimene David Livingstone anaona phiri lino ali pa ulendo wa ku nyanja ya Chilwa mu 1859, ku Germany kunali mphunzitsi wina, Hermann von Helmholtz, amene anasula timipira ta mkuwa topanda kanthu m'kati, tosiyana kukula, tokhala ndi kukamwa kumodzi kolandira mawu ndi kansonga kolowetsa m'khutu. Ndipo m'buku lake la mu 1863 anaonetsa kuti kampira kalikonse kamatola liwu lake lokha pakati pa phokoso. Chinali chikho cha valimba chovala mkuwa. Chimene iye anawonjezera, ndipo tiyenera kumlemekeza nacho, ndi nambala, pakuti liwu limawerengedwa ndi kuchuluka kwa kunjenjemera kwake pa sekondi imodzi, muyeso umene lero timati hertz. Khutu la mwana limamva kuyambira pa 20 kufikira pafupi 20,000. La nkhalamba limataya zapamwambazo.

Kuno kwathu nthawi imeneyo zinthu zinali kutembenuka. Mu 1891 Henry Brown anabzala tiyi pa Thornwood, minda inakula, ndipo Alomwe ambiri, pothawa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi, anawoloka Muloza ndi Ruo mabanjamabanja, nakhala pa malo a azungu pansi pa goli la thangata. Anadza ndi tchopa, ndi magule a mizimu, ndi manja amene anamanga chuma cha boma lino. Ndipo mu 1915, chaka chimene John Chilembwe anaphedwa kufupi ndi malire kumbali yathu ino, anthu awiri osadziwana, George Campbell ku America ndi Karl Willy Wagner ku Germany, anapeza njira yosefera mawu oyenda pa waya. Iwo sanali kufuna nyimbo. Ankafuna kuti waya mmodzi wa lamya anyamule anthu ambiri oyankhula nthawi imodzi popanda kusokonezana.

Aliyense amene anagwirapo ntchito m'fakitale ya tiyi adzamva msanga mmene sefa yawoyo inkagwirira ntchito, pakuti tiyi wouma amadutsa pa sefa ya maso aakulu imene imagwira zinyatsi ndi timitengo, kenaka nagwera pa ya maso aang'ono imene imalola fumbi kupita, ndipo wotsala pakati pa ziwirizo ndiye wofunikayo. Pa waya, masefa awiriwo ndi kapasita ndi koyilo. Kapasita, amene ndi timapepala tiwiri ta chitsulo toyandikana koma tosakhudzana, amalola kunjenjemera kofulumira kudutsa natsekereza kochedwa. Koyilo, imene ndi waya wokulungidwa kambirimbiri, imachita zosiyana, kulola kochedwa ndi kukaniza kofulumira. Ukaziphatikiza mwanzeru, pamatsala mpata umodzi pakati. A lamya anasankha mpata woyambira pa 300 kufikira pa 3,400. Ndipo n'chodabwitsa kuti liwu lapansi la mwamuna wamkulu, limene limakhala cha pa 120, silidutsa konse pa mpatawo, koma timamzindikira munthuyo ndithu, chifukwa khutu limamanganso liwu losowalo kuchokera ku mawu ang'onoang'ono amene adutsa.

Makina oyamba oyankhula amene anthu a m'midzi yathu anawaona anadza pamutu pa amuna obwera ku ulendo. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908 kudzera pa Luchenza, ndipo Wenela akutenga anthu kupita ku migodi ya ku Johannesburg, amene ankabwerako ndi mwayi ankatsika ndi sutikesi, jekete, njinga ndi galamafoni yopukusa ndi dzanja. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Galamafoniyo sinkatha kutulutsa mawu apansi kwambiri kapena apamwamba kwambiri, koma apakati okha, ndipo kulira kwake kopyapyalako, kumene opanga ake ankakuyesa chilema, kunakhazikika m'makutu mwa mbadwo wonse monga kulira kwa nyimbo za kutali ndi za chisangalalo.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1949. Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, atayendayenda kufuna kampani yoti ipange wailesi imene munthu wakuda wa malipiro ochepa angagule, anavomeredwa ndi a Ever Ready ku Britain. Ndipo inatuluka wailesi yobiriwira ngati thambo, yotchedwa Saucepan Special, imene thupi lake linali sefuliya yeniyeni yopanda chogwirira, ya mavalavu anayi m'kati, mabowo ake otsekedwa ndi kaukonde kuti tizilombo tisalowe. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndi batire lake mashiling'i 25. Pa wailesi imeneyi anthu a ku Nyasaland anamva Chinyanja chikuchokera ku Lusaka, pa Central African Broadcasting Station, anamvanso Alick Nkhata akuimba ndi kuulutsa mawu. Tsono chimene aphunzitsi, akalaliki ndi akapitawo a m'minda ya tiyi ankachita madzulo aliwonse, popotokola kachitsulo kosakira siteshoni mpaka Lusaka atamveka bwino, kunali kusefa komwe kuja: kachitsuloko kankatembenuza timbale ta kapasita, mpata nusuntha, siteshoni imodzi nilowa, zina mazanamazana zodzaza mlengalenga n'kutsala kunja. Ndipo pakuti chopangidwa ndi manja sichilephera kuwonongeka, pomwepo panabadwa mtundu watsopano wa amisiri, okonza mawailesi, amene ambiri a iwo anaphunzira poyang'ana m'manja mwa mnzawo, akutenthetsa chitsulo chowotcherera pa mbaula ya makala.

Pamene ife tinkaphunzira kusaka siteshoni, kwina anthu anayamba kufunsa ngati sefa yomweyo singakhale choimbira. Mmodzi wa oyamba, chimene ambiri sadziwa, anali mwana wa Africa. Mu 1944 ku Cairo, mnyamata wophunzira zaulimi, Halim El-Dabh, anabwereka makina ojambula mawu pa waya, najambula amayi akuimba pa mwambo wa zaar wotulutsa mizimu, ndipo ku nyumba ya wailesi anagonetsa mawu apansi nasiya apamwamba okha, kufikira nyimboyo inamveka ngati siichokera m'kamwa mwa munthu. Izi zinali zaka zinayi Pierre Schaeffer asanayambe ntchito yonga yomweyo ku Paris. Mu 1951 wailesi ya ku Cologne inatsegula chipinda cha nyimbo zamagetsi, mu 1958 a BBC anatsegula chawo ku London, ndipo monsemo zida zoyamba zinali zotsala za amisiri a lamya ndi a wailesi, masefa olemera opangidwira kuyesa mawaya. Kenaka Robert Moog ku America, kuyambira mu 1964, anasonkhanitsa zonsezi m'bokosi limodzi loimbidwa ndi zala. Pa zigawo zake panali china cha masefa 12 a mpata wapakati oimikidwa pamzere, iliyonse ndi kopotokola kake, zikho za valimba zija zitabadwanso kachitatu.

Koma njira imene kulira kumeneku kunafikira m'makutu mwathu sinadzere ku Cologne. Mu 1967 a Vox anayamba kugulitsa chopondera cha gitala chotchedwa wah-wah, m'kati mwake muli koyilo imodzi, makapasita ochepa ndi mathiranzisita awiri. Phazi likatsika mpata umakwera, likadzuka umatsika, ndipo gitala amayasamula ndi kutseka pakamwa monga momwe mayi wa nkangala amachitira ndi lilime. Anyamata a ku Zambia a m'zaka za m'ma 1970, a WITCH ndi Paul Ngozi, anachikonda chopondera chimenechi, ndipo nyimbo zawo zinawoloka malire. Njira yachiwiri inali ya ku Jamaica. King Tubby wa ku Kingston, amene oimba reggae ambiri amamuyesa kholo la dub, ntchito yake yoyamba inali kukonza mawailesi ndi kukulunga makoyilo. Ndipo atagula thebulo lakale losakanizira mawu mu 1972, anapezapo chopotokola chachikulu chodula mawu apansi mwa masitepe, nachisandutsa choimbira, kotero kuti ng'oma ndi mawu a woimba zinkaonda ndi kunenepa m'manja mwake. Aliyense amene anavinapo nyimbo za Evison Matafale ndi Black Missionaries a ku Chileka analawako cholowa cha wokonza mawailesi ameneyu. Ndikunena izi kuti amene amadutsa pakhonde la mmisiri wa ku Limbuli mopeputsa adziwe kuti pa benchi yonga imeneyo panatuluka mtundu wathunthu wa nyimbo.

M'dziko muno, MBC itayamba mu 1964, ndipo a Nzeru Radio Company atayamba kulumikiza mawailesi a thiranzisita ku Blantyre, wailesi inaleka kukhala ya akalaliki okha, inalowa m'nyumba za udzu, inakwera pa njinga, inapita kumunda. Oimba ankapita ku Chichiri kukajambulitsa pa matepi aakulu. Pambuyo pake makaseti anadzaza misika, ndipo ku Balaka Paul Banda anatsegula chipinda chojambulira chimene chinasintha kamvekedwe ka nyimbo za m'matchalitchi ndi za m'mabasi. Amisiri athu anakula ndi ntchitoyo. Anaphunzira kuti m'wailesi muli timabokosi tachitsulo ta sikuluwu yamtundu pamwamba, masefa oimikidwa pa 455,000, amene mwana wosadziwa akawapotokola wailesi imagontha. Anaphunziranso kukhoma mabokosi a zinkuzamawu za pa ukwati ndi pa msonkhano, kukulunga waya wa mkuwa kuti mawu apansi apite ku sipika yaikulu, ndi kuika kapasita kuti apamwamba okha afike ku kasipika kakang'ono kangapse. Ambiri sankadziwa dzina la chimene akupangacho. Ankayesa ndi khutu, kuchotsa ndi kuwonjezera, monga wocheka chikho uja.

Mbiri imeneyi ili ndi tsamba limodzi limene boma la Mulanje lokha lingalembe. M'mudzi mwa Soza, mnyamata Gabriel Kondesi, amene sukulu anailekezera ku pulaimale, anatola mawailesi akale, choimbira makaseti, mawaya ndi mabatire, namanga siteshoni yakeyake yotchedwa Pachikweza, imene inkaulutsa nyimbo ndi mauthenga ku midzi yozungulira. Mu Okutobala 2009 anamangidwa chifukwa choulutsa mawu popanda chiphaso. Bwalo linagamula kuti alipire K50,000 kapena akhale m'ndende miyezi 10, ndipo anthu akufuna kwabwino, amene nkhaniyi inawakhudza dziko lonse, anamuwombola. Lamulolo linali ndi chifukwa chake, ndipo sindilinyoza: lamulo la zofalitsa mauthenga la mu 1998, limene linakhazikitsa MACRA, linkagawa mlengalenga kuti anthu asapondane, pakuti makina oulutsira mawu, monga chingwe cha nkangala, satulutsa liwu limodzi lokha, ndipo pamwamba penipeni pa mpata wa FM, umene umathera pa mamiliyoni 108, pamayambira mpata wa mawailesi a ndege. Choletsa kusefukira kumeneko si china koma sefa ya makoyilo ndi makapasita ochepa, yoikidwa pakati pa makina ndi mlongoti. Chimene chimandiwawa n'chakuti dziko linafulumira kudziwa mnyamata ameneyu kudzera kwa apolisi, lisanamdziwe kudzera kwa mphunzitsi. Pakuti mwana amene wafika pomanga siteshoni ndi zotola, chinthu choyenera kumpatsa ndi buku, mita yoyezera ndi munthu womuonetsa njira.

Lero nyimbo za achinyamata zimapangidwa pa kompyuta, ndipo sefa yasanduka chithunzi chokokedwa ndi chala. Foni yalowa m'malo mwa wailesi, ndipo m'kati mwake zonse n'zomatidwa, zazing'ono koposa njere ya mawere, kotero kuti mmisiri amangosintha galasi ndi batire osaona mmene chinthucho chimaganizira. Komabe kunja kuja makina akale a Moog, ndi TR-808 ya a Roland ya mu 1980, imene anthu poyamba anaikana kuti ng'oma zake sizimveka ngati zenizeni, zikufunidwa ndi mitengo yoopsa, ndipo anthu ambiri abwerera ku mtovu ndi chitsulo chowotcherera kuti adzipangire okha. Ng'oma yaikulu ya 808, imene anyamata athu amaitchula tsiku ndi tsiku, ndi sefa yopapatiza imene imamenyedwa ndi kamphamvu kamodzi ka magetsi, niilira yokha mpaka kuzirala.

Ntchito imeneyi siili kutali ndi mwana wa ku Muloza kapena wa ku Bondo, kumene madzi a Lichenya akupukusa magetsi. Wailesi yakufa imodzi ili ndi zofunika pafupifupi zonse. Rezisita wa maohm 10,000 ndi kapasita wa mananofarad 10 amaika malire cha pa 1,600. Kapasita akakula kawiri malirewo amatsika ndi theka, akakula kakhumi amafika cha pa 160. Rezisita mmodzi ndi kapasita mmodzi aikidwe kuti adule zapansi, awiri ena kuti adule zapamwamba, ndipo malire a odula zapansiwo akhale otsika kuposa a anzawo, chifukwa zikasemphana palibe chodutsa. Sefa yotere mpata wake ndi wotakata ndipo mawu amatuluka ofooka. Wofuna wopapatiza, woimba ngati mluzu, awonjezere kachipangizo kokuza mphamvu konga 741 kapena TL072, mabatire awiri a mavoti 9, ndi kubweza gawo la mawu otuluka kuti lilowenso. Pobwezapo m'pofunika dzanja lodekha, pakuti akabweza pang'ono mpata umachepa ndi kukoma, koma akapitiriza sefa imayamba kulira yokha, monga chinkuzamawu cha m'tchalitchi chimachitira mlaliki akachiyandikira ndi maikolofoni. Poyesa, atenge mkokomo uja wa pakati pa masiteshoni awiri a FM, umene uli ndi mawu onse pamodzi, naudutsitse pa sefayo: mpata wotakata udzatulutsa mphepo ya chiperoni, wopapatiza udzatulutsa liwu limodzi loti munthu angaimbe nalo. Pa zotola za m'wailesi yakale, makapasita ooneka ngati timigolo, okhala ndi madzi m'kati, amauma ndi zaka ndipo ayenera kutayidwa. Koma athyathyathya aja a pulasitiki, obiriwira kapena ofiira, amakhala zaka makumi ambiri osasintha muyeso, ndipo ndiwo oyenera kuwachotsa mosamala ndi kuwasunga awiriawiri ofanana.